Chibakera Changa ndi Mbale ya Che Amidu

Inu achimwene a tayi yofiira, amene mwakhala mukupukusa mutu chifikireni pa benchi pano, mukuti munthu wa shuga sangadye m'malesitilanti n'kuchepetsa thupi? Mwanena zimenezo pamaso pa ndani? Funsani amayi akhala kumapetowa, funsani mlonda wa pageti, funsani ngakhale benchi mwakhaliralo, onse akuuzani kuti mu Lilongwe muno, kuyambira ku Old Town mpaka ku Area 43, palibe munthu amene analimbana ndi mbale za m'mahotela n'kuzigonjetsa kuposa ine Lufeyo, mwana wa ku Malingunde, dalaivala wopuma wa ku Capital Hill. Musaseke. Tonse tabwera osadya kuti atiyeze magazi, ndipo munthu wa njala sanama, mphamvu zake azitenga kuti? Zimene ndinene pano ndikulumbira pali manda a mayi anga. Wokaika anyamuke akaime kukhomo uko. Bulangeti lili pamiyendo pangali lisiyeni, tifikako.

Nthawi imeneyo ine ndinali munthu, osati timafupa mukutionati. Zaka zonse zimene ndinkayendetsa mabwana a ku unduna ntchito yanga yeniyeni inali kudya, pakuti bwana akalowa mu wekishopu kuhotela dalaivala naye amalandira mbale, ndipo pa bufe, pamene chakudya amachiyala pa tebulo lalitali kuti aliyense adzitengere yekha, palibe wokuwerengera nthuli. Mimba inakula, inakula, mpaka inayamba kufika pa msonkhano ine ndikadali pageti. Ndikadutsa pa msika wa Tsoka azimayi a kaunjika ankanditsatira ndi mabelo awo kuti ayale malonda pa mthunzi wanga. Telala wanga ankanyamuka m'mawa ndi tepi kuzungulira chiuno n'kukatulukira mbali inayo dzuwa litapendeka, ali wefuwefu, akupempha madzi akumwa. Ndipo tsiku lina nditakhala mpando wakumbuyo mu minibasi, matayala akutsogolo anayenda m'malere ulendo wonse osagunda phula. Mukumva? Mimba imeneyo inkandipatsa ulemu. Kumudzi ankati a Lufeyo zikuwayendera, boma likuwasamala.

Kenaka chinabwera chilonda. Nsapato yatsopano inandiluma pa chala chachikulu cha phazi lamanzere, kabala kakang'ono koti mwana sangalire nako. Mwezi unatha, unzake unatha, osapola. Nditabwera pa chipatala chino sikelo yawo itangondiona inakomoka, muvi wake unazungulira n'kuthothoka, mpaka anachita kukandiyeza ku Kanengo pa sikelo ya mabelo a fodya. Zimenezo sekani ngati mukufuna, koma zimene anandiuza anamwino sizinali zoseketsa. Anali mayi wamfupi, wosakweza mawu, pano anapuma ntchito. Anagwira phazi langa ndi manja awiri, anati, “Bambo, shuga wanu wakwera kwambiri. Mukapanda kuchepetsa thupi chilonda ichi sichipola, ndipo mwendo uwu tidzaudula.” Kwa ine imeneyo sinali nkhani yachilendo. Achimwene anga aakulu tinawaika m'manda kawiri: unatsogola mwendo, eni ake anatsatira chaka chisanathe. Ndinachita mantha, ndikunena poyera, mantha a mwana.

Anamwinowo ndiwo anandiphunzitsa lamulo la dzanja. Anati m'chakudya muli tinthu totchedwa makalori, mphamvu imene thupi likalephera kuigwiritsa ntchito limaisunga ngati mafuta, ndipo poti munthu sangayende ndi sikelo m'thumba, ayende ndi dzanja lake: mpunga kapena nsima ifanane ndi chibakera, nyama ifanane ndi chikhatho, masamba adzaze manja awiri, chakumwa chikhale madzi. Anati, “Kunyumba n'kosavuta, amayi akuthandizani. Nkhondo ili kumalesitilanti.” Ine ndinati ngati ili nkhondo ndipita ndekha, musanditumizire munthu.

Tsopano tcherani khutu. Kuchokera tsiku limenelo maso anga anatseguka, ndinayamba kuwaona makalori monga mmene ndikuonera tayi yanuyo. Ndi tizilombo tonyezimira, tamiyendo yambiri, tokonda mafuta. M'khungu la nkhuku yokazinga amagona mothithikana, m'tchipisi amaswana iwe ukuona, mu mayonezi amasambira chagada, ndipo phokoso lija limamveka mukatsegula botolo la zotsekemera, limene inu mumati ndi gasi, ndi iwowo akululutira. Ndikalowa mu hotela ya ku City Centre ndinkayamba ndamwa kapu yodzaza ya madzi, n'kukhala chofulatira tebulo la bufe, chifukwa diso ndilo limayamba kudya. Woperekera akabwera ndinkamuuza kuti nsomba ikhale yootcha osati yokazinga, msuzi ubwere pambali m'kambale kake, khungu la nkhuku litsale kukhitchini, ndipo theka la chakudya alikulungiretu ndisanalikhudze, ndikawapatse alonda potuluka. Ndikatero ndinkaika chibakera pa tebulo, pambali pa mpunga. Apo ndiye panali ntchito! Dzanja langa ndi la dalaivala, lotha kumasula tayala la lole popanda sipanala, ndiye ndinaona kuti likhoza kundipusitsa. Choncho ndinkalifumbata, kulifumbata, mafupa kulira, mitsempha kudandaula, mpaka chibakera chinkachepa kufika pa dzira la nkhuku, tsiku lina la nkhunda, ndipo mpunga ndinkadya wolingana ndi pomwepo. Makalori akaona chibakera chimenecho ankathawa m'mbale mwanga pa mzere ngati linthumbu, kutsika ndi mwendo wa tebulo, kuwoloka kapeti, n'kukakwera m'mbale za anthu ena. Bwana wina amene anakhala pafupi nane anangodya saladi basi, koma ponyamuka mabatani onse a jekete anathothoka, limodzi linakaswa galasi la windo. Mphenzi inding'ambe ngati ndikuwonjezera.

Pa phwando londitsanzika pantchito, ku lesitilanti ina ya ku Area 43 kumene mbale zake n'zazikulu ngati chiwongolero cha basi, anabweretsa keke yosanjikiza, abwana aakulu eniake atandigwira pamkono kuti ndilawe. Ine ndinangoiyang'ana ndi diso limodzi, shuga yense anatuluka mu kekemo n'kuunjikana yekha pa nsalu ya tebulo, ndipo amene anadya anati ikumveka madeya. Thupi linatsika, abale anga, linatsika. Buluku langa lakale mayi a kunyumba anasokamo makatani a nyumba yonse n'kutsala nsalu ya mpando. Mphepo ya pa Capital Hill tsiku lina inandinyamula ngati jumbo n'kukanditula pa mlatho wa ku Old Town. Anansi anayamba kunong'onezana kuti a Lufeyo awapeza matenda aja, ndipo kumudzi ena anali atayamba kale kufunsa kuti njinga yanga idzatsala kwa ndani. Zinandiwawa. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali mpaka chinatsala ngati kanyemba kamodzi. Anamwino aja anamwetulira koyamba, anati, “Mwendo mwauwombola, bambo. Musabwerere m'mbuyo.” Tsiku limenelo ndinakana minibasi, ndinapita kunyumba wapansi, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Ndiye kunali Che Amidu. Iyeyu ali ndi kalesitilanti ku Old Town, chapafupi ndi mzikiti, ka matebulo ochepa ndi nsalu pakhomo, kumene amaphika pilawu, chapati ndi nyama ya mbuzi. Ine nditangofika m'tauni muno, wopanda ntchito, wopanda m'bale, nditagona ndi njala ku depoti, ndi iyeyo amene anandiitana, nayenso nthawi imeneyo akutsuka mbale za eni ake, n'kundikhazika pa mbale yake. Iye Msilamu, ine wa mpingo, koma kuyambira pamenepo sitinadyepo mbale ziwiri. Kwawo kuli mwambo, ndipo iye anaugwira kuposa aliyense amene ndikumudziwa: mlendo sadya yekha. Mwini khomo satsogola kutapa, amadikira mlendo atape ndiye naye atape. Nthuli yabwino amaikankhira kumbali ya mlendo. Mlendo akasamba m'manja nayenso wasamba, kaya wakhuta kaya sanakhute. Miyezi yonse ya nkhondo yanga moni ndinkangomupatsa pa foni, poti ndinadziwa kuti pa mbale imodzi chibakera chilibe poima. Za shuga sindinamuuze, akanada nkhawa.

Mkazi wake, Abiti Saidi, amene ankaphika naye limodzi kuyambira tsiku lotsegula kalesitilanti kaja, anagwa pambali pa moto masanasana, osadzukanso. Tinaika maliro, sadaka inachitika, anthu anabalalika. Patapita masabata kunyumba kwanga kunafika Mariamu, mwana wawo wamkazi, mayi wa ana ake kale. Anagwada pakhonde, anati, “Amalume, bambo sakudya. Ine ndalephera, ashehe alephera, achipatala akuti zikapitirira chonchi sitikhala nawo. Ife amatikana chifukwa ndife a pakhomo. Inu ndinu mlendo wawo.”

Ndinam'peza kuseri kwa lesitilanti, atakhala pa mpando pafupi ndi sefuliya imene mkazi wake ankaphikiramo, chipewa chitatsika mpaka m'makutu, mkanjo uli ngati angouyanika pampandopo mulibe munthu. Mwamuna amene anadyetsa theka la Old Town akufa ndi njala pakati pa miphika! Ndinalira, sindibisa, misozi inatsika ine osaipempha. Mariamu anabwera ndi beseni ndi ketulo, tinasamba m'manja, kenaka anatula thireyi ya pilawu pakati pathu. Makalori a m'menemo sindinawaonepo kwina kulikonse: aakulu ngati mbewa za m'dimba, onenepa, osathawa, akundiyang'ana m'maso. Ndinaika chibakera pa tebulo. Ndinatapa kamodzi. Ndipo dzanja la Che Amidu, limene linakana mwana wake, limene linakana ashehe, linanyamuka lokha pa bondo ngati lakumbuka njira, linatapa, pakamwa pake panatuluka “Bisimila” wosamveka bwino, ndipo anameza. Ndinatapanso, anatapanso. Mpunga wa chibakera changa utatha ndinaitanitsa beseni. Nayenso anatambasula manja kuti asambe. Mariamu anandiyang'ana, kenaka anayang'ana thireyi ili chidzazire.

Musaganize kuti ndinagonja tsiku lomwelo, ayi, ine si munthu wamba. Masana aliwonse ndinkabwerera ndi nzeru yatsopano. Ndinauza Mariamu aike masamba kumbali yanga, mpunga ndi nyama kumbali ya bambo ake. Che Amidu anazunguza thireyi, nyama inabwera kwa ine, iye n'kumatola masamba. Ndinaitanitsa masamba okhaokha. Anadya masamba okhaokha, munthu wofunika zonona kuti aime. Ndinayamba kubisa mpunga m'manja mwa jekete, mwachangu choti ngakhale ntchentche sinkaona, moti pobwerera kunyumba nkhunda zonse za ku Old Town zinkanditsatira mpaka kutseka dzuwa, mashopu n'kuyatsa magetsi masana. Koma iye sankayang'ana dzanja langa, ankayang'ana kholingo. Likapanda kusuntha, dzanja lake linkabwerera pa bondo. Ndinaphunzitsa kholingo langa kukwera ndi kutsika popanda chomeza, mpaka linkavina lokha ndikagona. Iye anatchera khutu, ankadziwa kusiyana kwa kumeza mpunga ndi kumeza mpweya. Mukumva? Munthu amene ndinagonjetsa mahotela a magalasi ndinakanika kunamiza nkhalamba yodwala ya mkanjo.

Ndipo iye ankangothera. Tsiku lina masana anayesa kuimirira kuti apite ku mzikiti, miyendo inakana, anakhalanso pansi ngati thumba lopanda kanthu. Anandiyang'ana, anati, “Achimwene, mwayamba kudya ngati mbalame. Kodi chakudya cha pakhomo pano chinasiya kukoma chichokereni malemu?” Mawu amenewo anandilasa. Ndinayang'ana phazi langa pansi pa tebulo, chilonda chitatsala pang'ono kutsekeka. Ndinakumbukira achimwene anga aja tinawaika kawiri. Ndinayang'ananso munthu amene anandikhazika pa mbale yake ine ndili wopanda dzina m'tauni muno. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma sananene kuti nthawi zina umazima ndi manja ako enieni. Chibakera chinali pa tebulo, chofumbata ngati mwala. Ndinachitambasula ndekha, chala chimodzi chimodzi, palibe anandikakamiza. Ndinati, “Mariamu, wonjezera nyama.”

Kudya kumene ndinadya miyezi imeneyo, Lilongwe sanakuonepo ndipo sadzakuonanso. Ndinkatapa pilawu ndi dzanja lonse la dalaivala, lotambasuka ngati fosholo, iye n'kutapanso chimodzimodzi; ndinkang'amba chapati, iye n'kung'amba; ndinkamwa tiyi wa mkaka wotsekemera woti supuni imaima yokha, iye n'kumwa; mbuzi za pa msika zikandiona ndikudutsa zinkatsanzikana, ogulitsa mpunga ankavula zipewa, ndipo makalori aja ndinkawathamangitsa m'mahotela onse anamva mbiri, anabwera pa mzere kuchokera ku City Centre, kuwoloka mlatho, kudzabwezera. Ndinkawaona akulowa, ndinkadziwa kumene akupita. Ankatsika ndi mwendo wamanzere mpaka kuchala. Chilonda chinatsegukanso, chinada m'mbali, chinayamba fungo, ine n'kumachimanga ndi bandeji ndi kuvala sokosi ziwiri kuti pa tebulo pasamveke kanthu. Mayi a kunyumba analira, anati, “Kodi munthu ameneyu ndi m'bale wanu?” Ndinati ayi, m'bale umachita kum'peza, uyu anachita kunditola. Anamwino aja anandikalipira koyamba ndi komaliza, anati ndikudzipha ndikuona. Ndinati mayi, ndamva, ndipatseni kanthawi pang'ono, pali munthu sanakhute.

Che Amidu anayamba kudzaza mkanjo. Chipewa chinakwera n'kukhala pamalo pake. Anayamba kufika ku mzikiti wapansi. Ndiye tsiku lina tikudya anaima, anatafuna bwinobwino, anakwinya nkhope, n'kukuwa, “Mariamu! Ndani wathira mchere wonsewu? Amayi ako akanakuthamangitsa m'khitchini muno!” Ananyamuka yekha, anakalowa kukhitchini, anakwinya manja a mkanjo, anagwira chipande cha mkazi wake n'kulawa za mu sefuliya, ine ndili pa tebulo, osatapa, kholingo lili phee. Mukumva? Analawa yekha, popanda mlendo. Mariamu anabisa nkhope m'mpango. Ine ndinasamba m'manja, ndinafumbatanso chibakera changa, ndinatuluka ndikutsimphina, ndinabwera molunjika pa chipatala chino. Adokotala anamasula bandeji. Anati ndachedwa.

Tsopano bulangeti lija. Onani. Musatembenuze nkhope, achimwene, onani bwinobwino, ili ndi bondo, apa ndiye pathera Lufeyo wa kumanzere. Ndodo zanga zili pansi pa benchipa. Sikelo yawo ija lero imandilandira ndi ulemu, imati ndine wopepuka kuposa onse a pa benchi lino, ndipo sinama.

Ndiye inu a tayi, musandiuze kuti lamulo la dzanja siligwira ntchito m'malesitilanti. Limagwira, ine ndine mboni, ndinachiona chilonda chikutsekeka ndi maso awa. Imwani madzi, fulatirani bufe, msuzi ubwere pambali, theka likulungidwe, chibakera chikhale pa tebulo, ndipo miyendo yanu yonse iwiri mudzalowa nayo m'manda tsiku limodzi. Palibe hotela inandigonjetsa ine, palibe keke, palibe bwana. Chibakera ichi sichinathyoledwe ndi munthu. Ndinachitambasula ndekha, ndipo atati zibwerere ndikhoza kuchitambasulanso.

Koma tsopano tsekani pakamwa nonse. Mukuona bambo wa mkanjo woyera akulowa pageti uyo, wonenepa, wanyamula fulasiki ndi kambale kovindikira? Ndiye Che Amidu. Amanditsatira kuno mwezi uliwonse, ndipo achipatala akangonditenga magazi amandipatsa tiyi wopanda shuga ndi mpunga umene wayeza yekha ndi chibakera chake. Iye amadziwa kuti ndinaponda msomali wadzimbiri ku galaja, ndipo shuga anachita kubwera pambuyo. Limenelo ndilo bodza lokhalo limene ndinanenapo chibadwire, ndipo amene adzaliulule adzaona chimene chibakera ichi chimachita chikasiya kuyeza mpunga. Taonani mmene akuyendera, mwamphamvu, fumbi kubuka kumbuyo. Anthu amati mwendo wanga anaukwirira kuseri kwa chipatala. Amanama. Ndi uwo ukubwera apowo, wanyamula tiyi.